Thadzi la Mayi Mphepo, Anapiye a Feggie

Feggie anabadwira ku Phalombe, koma kwawoko sakukudziwa. Anachokako ali kumbuyo kwa mayi ake, pa lole yotenga anthu okalima fodya ku Kasungu. Anakulira m'maesiteti: chaka chino kwa bwana uyu, chaka chamawa kwa wina, nyumba yake yomweyo ya mitengo ndi udzu, yomangidwa pafupi ndi chigafa choyanikamo fodya. Atakula anakwatiwa ndi Ephraim, mwana wa tenanti ngati iye yemwe. Anabereka ana atatu, anatsala mmodzi, mtsikana dzina lake Shalom. Awiriwo anaikidwa m'manda a eni, cha ku Kaluluma, ndipo Feggie sanabwerereko.

Tenanti sakhala ndi chinthu cha mizu kapena cha miyendo. Mango sadzala, chifukwa adzadya ndi ena. Mbuzi saweta, chifukwa pa lole malo ake palibe. Nkhuku ndiye mabwana safuna n'kuziona komwe, amati zimapalasa nazale. Zonse za Feggie zinkakwana mu ndowa ndi m'thumba limodzi la feteleza, thumbalonso linali lotola.

Zinali zaka za makuponi a feteleza wotsika mtengo. M'midzi yozungulira Santhe anthu ankasonkhana pabwalo la sukulu, kukangana, kutukwanana, kenako n'kugawana thumba limodzi mabanja awiri. Matenanti sankaitanidwa. Ankati ndi obwera, munda alibe, feteleza akathira pati. Ephraim ankadandaula nazo chaka chilichonse. Feggie sankadandaula, ankangoti n'zoona, munda tilibe. Chomwe chinkamuwawa n'china. Ngakhale womanidwa kuponi uja, akamalira, ankalirira pakhomo pake, nkhuku zake zikumuzungulira.

Chaka chomwe tikunenachi anali kwa a Davison Mphepo, kumadzulo kwa Santhe, ndipo chinali chaka chachiwiri pamalo amodzi, chinthu chosachitikachitika kwa iwo. A Mphepo sanali bwana wamkulu. Anali mlimi wa m'mudzi momwemo amene fodya anamukomera zaka zingapo, ali ndi mabanja atatu a matenanti, ngolo, ndi njinga yamoto yovuta kuliza. Akazi awo, mayi Angelina Mphepo, ndiwo ankagawa phoso, chimanga ndi mchere zomwe tenanti amadya podikira kuti fodya agulitsidwe. Sanali munthu woipa. Yunifomu yomwe Shalom ankapita nayo kusukulu anapereka ndi iwo. Koma zawo ankazidziwa zonse, mpaka supuni.

Nthawi ya dzinja Feggie ankagwira ngumbi, kukazinga, kuyanika, n'kukagulitsa ku Santhe tsiku la msika. Bowa nayenso chimodzimodzi. Zomwe ankapeza ankamanga pa nsonga ya chitenje, osauza munthu. Kuchiyambi kwa Juni kunabwera munthu pamsikapo ndi makatoni obowolabowola pa njinga, m'katimo muli anapiye akuda a mikolongwe, oswedwa dzulo lake. Feggie anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kugula khumi ndi awiri. Wogulitsayo anamuuza kuti anapiye amenewa alibe mayi, mayi wawo ndi moto: awaikire mbaula kapena nyali, apo ayi afa ndi chisanu.

Feggie anavomera, koma ankadziwa kuti moto alibe. Chaka chapitacho chigafa cha mlimi wina chinapsa ndi fodya yense chifukwa cha mbaula ya tenanti, ndipo kuyambira pamenepo a Mphepo anakhwimitsa lamulo. Fodya akakhala m'chigafa, m'nyumba za matenanti musamaoneke moto, ngakhale koloboyi. Kuphika ankaphikira kutali, pachulu, n'kuzimitsa dzuwa lisanalowe.

Ephraim atasuzumira m'katoni muja anapukusa mutu.

"Amake Shalom, mwagula maliro khumi ndi awiri."

"Maliro ake ndilira ndekha," anatero Feggie.

Anawaika m'bulauzi, pamimba, n'kumanga chitenje pamwamba. Juni wa ku Kasungu sasewera. Kutacha mmodzi anali atauma. Otsalawo ankalira kosalekeza, kulira kwa mwanapiye wozizidwa komwe kumalowa m'mutu. Feggie anaona kuti mimba yake siingakwane, pakuti munthu sangasankhe fodya tsiku lonse ali ndi anapiye m'bulauzi.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mulu wa mitengo ya fodya yozulidwa m'munda. Pansi pa muluwo thadzi lofiira la mayi Mphepo, lokalamba, linali litaikira mazira mobisa. Mayi Mphepo anawapeza n'kukazingira alendo a kutchalitchi. Thadzilo silinamve. Linapitiriza kufungatira dothi. Analiviika m'madzi, linabwerera. Analibaya nthenga pamphuno monga amachitira pofuna kuti nkhuku iiwale chisa, linabwerera ndi nthenga yake yomweyo, n'kukhala pansi, maso ali psuu.

Feggie anapita kunyumba yamalata, anagwada pakhonde.

"Mayi, ndibwerekeni thadzi lija lili kuseri kwathu."

"Lamakani lija? Ukufuna ulidye?"

"Ndikufuna lilere."

"Lilere chiyani, miyala?"

Feggie anatsegula chitenje pang'ono. Mayi Mphepo anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. Anati nkhuku si chitsiru, ana a eni siilandira, iwajompha onse lisanalowe dzuwa. Kenako anati tenga, lakhala likungodya madeya anga, koma tinthu takoto tisadzafike ku nazale. Mawu anathera pomwepo.

Apa ndi pamene Feggie analakwitsa. Kumudzi ngakhale mwana amadziwa kuti thadzi lobwereka silibwerera lokha, limabwerera ndi gawo la ana omwe lalera. Feggie anakulira m'maesiteti, kumene kunalibe wobwereka nkhuku ngakhale wobwereketsa. Sanafunse. Mayi Mphepo nawo sananene. Mwina ankati n'zodziwika, mwina ankati palibe mwanapiye adzakhale moyo woti anthu n'kukangana naye.

Poyamba Feggie anachita mopupuluma. Anatenga mwanapiye mmodzi n'kumuika patsogolo pa thadzi, dzuwa likuswa mtengo. Thadzi linatukumula nthenga, linamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kumujompha pamutu. Kamodzi kokha. Anatsala khumi.

Feggie anakhala pansi pomwepo, mwanapiye wakufayo ali m'manja. Sanalire. Anaganiza kuti nkhuku siona ana ake akamatuluka m'dzira. Imayamba yawamva akuyenda kunsi kwa mimba, kenako imamva mawu awo, maso amabwera pomalizira. Iye anayambira ku maso. Kudikira mdima sakanatha, anapiye anali atafooka kale, ndiponso nyali yoti aziunikira analibe. Ndiye anaganiza zopanga mdima wake masana omwewo.

Analowa m'chigafa n'kutenga ziguduli zitatu zokutira mabelo. Kudzala kwa mayi Mphepo anatola zigoba za mazira omwe alendo aja anadya. Kumsewu anatola miyala yosalala yomwe inali itatenthedwa ndi dzuwa. Anagwira thadzi, anasolola nthenga ija pamphuno, analikhazika m'nyumba pa udzu wouma, miyala ili kunsi kwake. Analivundikira ndi dengu lalikulu, pamwamba pa dengu n'kuyala ziguduli zonse zitatu mpaka pansi. Thadzi linavutavuta, kenako linakhala chete, litapeza chofungatira.

Ephraim anabwera kudzamuitana kuti anzake akusankha fodya, bwana afunsa. Feggie anamuuza kuti akanene kuti m'mimba mwamupotokola.

Anagona chafufumimba, analowetsa dzanja kunsi kwa ziguduli, chakumchira. Anachotsa mwala umodzi, pamalo pake n'kusiya mwanapiye ndi kachigoba. Thadzi linatembenuka n'kumujompha pa chala. Sanachotse dzanja msanga, kuopa kuti kuwala kungalowe. Anadikira, n'kuchotsa mwala wina. Anachita choncho pang'onopang'ono mpaka miyala inatha, anapiye ena anangowakankhira pansi pa phiko. Pomaliza kuseri kwa dzanja lake kunali magazi okhaokha.

Anaika khutu pa chiguduli. Kulira kuja kunkachepa. Mmodzi yekha anapitiriza, kenako nayenso analeka. Patapita kanthawi thadzi linayamba kulankhula chapansipansi, mawu aja nkhuku imalankhula ndi ana ake okha. Feggie anadzuka, anapukuta dzanja pa chitenje, n'kupita kukasankha fodya.

Kulakwitsa kwina kunali kwa fodya yemweyo. Aliyense kuno amawaza zinyenyeswa za fodya m'chisa pofuna kupha utitiri, ndipo Feggie anawaza mosaumira, popeza fodya ndiye chinthu chokhacho chomwe chinali chochuluka pakhomopo. Mawa lake atavundukula ziguduli, anapiye anjala aja anayamba kutola chilichonse chomwe anaona. Mmodzi anatola fodya, anadzandira, n'kugwa. Feggie anasesa chisa chonse, anaika udzu wina. Anatsala asanu ndi anayi, ndipo sanafenso wina.

Masiku oyamba sanawatulutse. Mwanapiye wogula sadziwa chilankhulo cha nkhuku: thadzi likachenjeza za kabawi, iye amangoima poyera, kukamwa kuli yasa. Ndiye anawasiya pansi pa dengu pakhomo, mpaka anaona kuti thadzi likangoti kru, onse athamangira pansi pa mapiko. Chakudya ankatapa pa phoso lawo lomwelo, kusinja timisere. Ephraim ankati tsopano m'nyumba muno tikudya anthu khumi ndi awiri, ogwira ntchito awiri. Feggie ankavundikira phale lodzaza ndowe ndi udzu pafupi ndi chulu, m'mawa n'kukagwedezera anapiye chiswe.

Anakula msanga, kuposa achikuda. Amayi a m'mudzi popita kumjigo ankapatuka kudzaona thadzi lofiira likutsogolera ana akuda bii, ena akufuna kulipitirira msinkhu. Ankafunsa kuti wachita mankhwala anji. Feggie ankati palibe mankhwala, ndi ziguduli za bwana. Mayi Mphepo nawo ankadutsa, kuima, kuyang'ana. Sankaseka tsopano. Misoti inali isanu, atambala anayi, ndipo anali ataziwerenga.

Chakumapeto kwa Julaye thadzi linakumbukira kwawo. Tsiku lina dzuwa likupendeka silinabwerere ku nyumba ya udzu. Linalunjika ku khola lam'mwamba la mayi Mphepo, linakwera makwerero, ana onse ali pambuyo. Mayi Mphepo anatseka chitseko n'kupisa kamtengo.

M'mawa Feggie anapita. Anagwada monga mwa masiku onse n'kunena kuti wabwera kudzatenga nkhuku zake, thadzi likhoza kutsala, wathokoza kwambiri. Mayi Mphepo anayankha modekha. Anati thadzi labwerera ndi ana ake monga mwa mwambo, ndipo agawana. Popeza nkhukuzo zakulira pa nthaka yawo, zikutola za m'munda mwawo, osankha akhala iwo. Misoti isanu itsala, Feggie atenge atambala.

"Mazira ake anali anu, mayi?"

"Thadzi ndi langa."

"Thadzi lanu ndabweza. Anawo ndinagula ku Santhe anthu akuona."

"Popanda thadzi langa akanakhala moyo?"

Feggie sanakane. Anati ayi, akanafa. Koma popanda iye thadzilo likanafera pa dothi ndi nthenga pamphuno. Mayi Mphepo anati zimenezo akauze amuna ake, iwo sakangana ndi tenanti pakhomo pawo. Analowa m'nyumba.

Atambala anayi ndi ndiwo za masiku anayi. Misoti ndiyo nkhuku. Feggie ankadziwa, mayi Mphepo ankadziwanso.

Ephraim anamukokera kuseri kwa chigafa. Sanali munthu wamantha, anali munthu woti waona zambiri. Anamukumbutsa kuti mabelo omaliza sanapite ku okushoni, malipiro a chaka chonse akadali m'manja mwa bwana. Anati a Mphepo anali atanena kale kuti chaka chamawa akhalenso. Anati Shalom kwa nthawi yoyamba watha zaka ziwiri pa sukulu imodzi, aphunzitsi akumudziwa dzina. Zonsezi azitaye chifukwa cha nkhuku zisanu?

"Zisiyeni, amake Shalom. Tidzagula zina."

"Chibadwire mwasiya zingati, inu?"

Ephraim anabwerera ku fodya.

Fodya wouma amagwirika bwino m'mamawa mokha, chinyezi chisanachoke. Dzuwa likakwera amanyenyeka m'manja. Choncho matenanti onse ankalawirira ku chigafa kusanayere bwino, ndipo sabata imeneyo ankathamanga, chifukwa lole yotenga mabelo inali itapanganidwa kale. Mawa lake Feggie analawirira ngati anzake, koma sanapite ku chigafa. Anapita kukakhala pansi, patsinde pa makwerero a khola, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo.

Sanatukwane, sanagwire chitseko. Anangokhala.

Mayi Mphepo atatuluka ndi lichero la madeya anamupeza pamenepo. Anamuuza kuti achoke. Feggie anapereka moni mwaulemu, anafunsa ngati adzuka bwino, koma sanasunthe. Apa mayi Mphepo anaona vuto lawo. Akatsegula, zakuda zija zituluka n'kugwera m'manja mwa mwini wake. Akapanda kutsegula, nkhuku zawo zonse, zoposa makumi awiri, zikhala momwemo. Anasankha kusatsegula. Anathira madeya kudzera m'mipata ya nsungwi, ambiri n'kugwera pansi, pamutu pa Feggie. Feggie anangosasa mpango.

Dzuwa linakwera. M'kholamo munayamba phokoso. Atambala ankamenyana, mathadzi ofuna kuikira ankatetera n'kuikira pomwepo, anzawo n'kuponda mazira. Madzi a mazira ankadontha m'mipata. Mayi Mphepo ankatuluka, kuyang'ana, kulowanso. Mkazi wa tenanti wina anabwera ndi kapu ya madzi, anapatsa Feggie, n'kubwerera mothamanga. Anthu odutsa pa njinga ankachepetsa liwiro. Pofika masana m'mudzi monse anali atamva kuti kwa a Mphepo tenanti wamanga nkhuku za abwana ake osagwira chingwe.

Dzuwa litalowa Feggie anapita kwawo, nkhuku sizituluka mumdima. Kusanayere anali atabwerera pamalo pake.

A Mphepo anali ku boma la Kasungu kukalongosola za lole. Anafika m'mawa umenewo pa njinga yamoto, fumbi lili thoo. Anayamba apita ku chigafa, anapeza fodya wosasankha ali mulu, manja akuperewera. Kenako anabwera ku khola, kununkha kunawalonjera asanafike. Anamva mbali ya akazi awo, anamva mbali ya Feggie. Anakanda m'mutu. Anati mwambo wa thadzi lobwereka amaudziwa, koma wa anapiye a m'katoni sanaumvepo, makolo sankagula anapiye pa njinga. Pofuna kuti nkhani ithe, anati mayi atenge misoti iwiri, Feggie atenge zotsalazo, aliyense apite ku ntchito.

Ephraim anali ataima chapatali, chipewa chili m'manja. Anagwedeza mutu kuuza mkazi wake kuti avomere.

Feggie anati ayi. Anati thadzi lagwira ntchito, ndipo iye si munthu wosayamika, alithokoza. Koma chothokozera asankha yekha, apereka ndi manja ake, nkhuku zake zonse zitatuluka kaye. Cholandidwa pakhomo lotseka si chothokozera.

"Iwe, ukudziwa kuti ukulankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kukuchotsani pano?"

"Mukhoza. Takhala tikuchotsedwa. Koma ulendo uno ndichoka ndi nkhuku zanga."

A Mphepo anayang'ana dzuwa. Chinyezi chinali chikutha, ndipo tsiku lachiwiri linali likupita. Anauza akazi awo kuti atsegule. Mayi Mphepo anati dzanja lawo silikhudza chitseko chimenecho, ngati bambo asankha kunyozetsa mkazi wawo pamaso pa antchito, atsegule okha. A Mphepo anakwera makwerero n'kusolola kamtengo kaja.

Nkhuku zinatuluka ngati madzi, zina kuulukira pamutu pa bwana. Zakuda zija sizinathamangire kwa Feggie. Nkhuku siidziwa woigula. Zinabalalika ndi zinzake, zina m'munda wa chinangwa, zina pansi pa ngolo. Feggie anakwinya chitenje n'kuyamba kuthamangitsa, mayi wamkulu, akugwa, akudzuka, anthu akuseka. Anagwira ziwiri. Yachitatu inamupulumuka, n'kumusiyira nthenga m'manja. Ephraim anaonerera kanthawi. Kenako anavula malaya, anazungulira kuseri kwa ngolo, n'kuivundikira nawo. Sanayang'ane mkazi wake, ndipo sanayang'ane bwana. Anagwira mpaka zonse zisanu ndi zinayi zinagona pansi, miyendo yomangidwa ndi luzi.

Feggie anasankha tambala wamkulu kuposa onse. Anapita naye pakhonde, anagwada, anamuika pansi ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo chifukwa cha thadzi. Mayi Mphepo anati sakumufuna. Feggie anati wamva, anadzuka n'kumusiya pomwepo. Lamulungu lotsatira fungo la nkhuku yokazinga linafika mpaka ku nyumba za matenanti.

Tsiku lomwelo Feggie anabwerera ku chigafa, ndipo anasankha fodya ngati munthu amene sanachite kanthu. Mabelo anadindidwa, lole inabwera, inapita. Nkhuku anazisunga m'nyumba, zomangirira ku nsanamira, chifukwa akanazimasula zikanatsatanso thadzi. M'nyumbamo munkanunkha. Ephraim ankagona atatembenukira kukhoma.

Fodya atagulitsidwa a Mphepo anaitana Ephraim, anamupatsa zake zonse osadulapo za nkhani ija, kenako anamuuza kuti chaka chamawa akayang'ane kwina. Anati iye ntchito amagwira bwino, vuto palibe, koma m'mudzi simungakhale akazi awiri osapatsana moni. Mayi Mphepo anatumiza mawu oti yunifomu ya Shalom ibwezedwe. Feggie anaichapa, anaisita ndi mbale ya makala pachulu paja, n'kuitumiza.

Musaganize kuti anapambana chinthu chachikulu. Anataya malo abwino. Shalom analira njira yonse, ndipo ku sukulu yatsopano anamubweza kalasi. Ephraim anayenda pa njinga yobwereka esiteti ndi esiteti, ndipo kawiri konse atatchula za nkhuku anamuuza kuti malo adzaza. Anadzapeza malo cha ku Njombwa, kwa a Lemani, munda wamchenga, mjigo uli kutali. A Lemani anati nkhuku abwere nazo, koma miyezi ya nazale zizikhala pa chingwe, ikangopezeka imodzi pa bedi la mbande ndi ndiwo zawo. Feggie anati zimenezo n'zomveka, chifukwa zanenedwa poyamba.

Kwa miyezi ingapo Ephraim ankalankhula naye zofunika zokha: mchere watha, khasu lili kuti. Feggie sanapepese. Mvula itayamba misoti inayamba kuikira, mazira akuluakulu, tsiku ndi tsiku. Ankawiritsa awiri n'kumuikira mwamuna wake m'thumba la malaya popita kumunda. Ephraim ankadya. Za nkhaniyo sanakambiranenso.

Kenako panaoneka chomwe wogulitsa uja sananene. Nkhuku zakudazo zinkaikira, koma kufungatira sizinkafuna. Feggie ankasonkhanitsa mazira m'chisa, kukhazikapo msoti, msoti n'kudzuka kukapalasa. Anayesa dengu, anayesa ziguduli. Mdima sunathandize, chifukwa mtima wa chisa munalibe.

Mayi wina wa m'mudzimo, Fainess, munthu wabwino ndithu, anamva za vutoli. Anabwera yekha n'kunena kuti ali ndi thadzi lomwe layamba kumene kukhalira, alitenge, adzagawana anapiye monga amachitira anthu. Feggie anathokoza. Anafunsa ngati Fainess angalole kusinthana m'malo mobwereketsa. Fainess anaganiza kuti akuseka.

Mawa lake Feggie anatenga msoti wonenepa kuposa yonse, wakuda wonyezimira, woikira tsiku lililonse, n'kupita nawo kwa Fainess. Anaitana anthu awiri odutsa kuti aime aone. Anabwerera ndi kameta, nkhuku yachikuda yopanda nthenga m'khosi, yowonda, ya chala chimodzi chopindika. Amayi a pamjigo anaseka sabata yonse, amati wa ku Phalombe uja wapereka ng'ombe n'kulandira khasu lothyoka. Ephraim atakaona anafunsa ngati kakudwala.

"Sikakudwala. Kakufuna mazira."

Anakaikira khumi a zakuda zija. Kanakhala pamenepo osadzuka, ndipo kanaswa asanu ndi atatu.